Maliro Ali ndi Eni Ake

Pa milandu yonse imene anthu amapalamula pansi pano, mlandu wakuba mtembo ndi umodzi mwa imene munthu wamba sangaiganizire nkomwe. Wakuba mbuzi timamumvetsa, pakuti mbuzi imadyedwa, ndipo wakuba ndalama timadziŵa chimene akufuna. Koma munthu amene apita ku bwalo la ndege, nanamiza antchito a pamenepo, nanyamula bokosi la maliro a mnzake kukalitentha m'chipululu usiku, timasoŵa dzina lomutcha. Zimenezi zidachitikadi ku California, m'dziko la United States, m'chaka cha 1973. Patapita zaka 30, mu 2003, anthu ena adatenga nkhaniyo napanga filimu yoseketsa yotchedwa Grand Theft Parsons. Dzinali nlanthabwala: m'malamulo a kumeneko mau aŵiri oyambawo amatanthauza mlandu wakuba katundu wa mtengo wapatali, ndipo Parsons ndi dzina la womwalirayo. Mwezi uno tiyeni, aŵerengi, tiisinkhesinkhe filimu imeneyi, tione zimene idachita bwino, zimene idabisa, ndiponso chifukwa chake kubisako kuli nkanthu.

Ambiri mwa ife tidakula tikumva nyimbo za country pa wailesi. Maina a Jim Reeves, Skeeter Davis, Don Williams ndi Dolly Parton ngodziŵika ngakhale kwa agogo amene Chingerezi sachimva, chifukwa nyimbo zimenezi zimayenda modekha, ndipo zimakamba zinthu zimene mtima wa munthu aliyense umazidziŵa: kusiyidwa ndi wokondedwa, kupukwa kumudzi, kulapa, ndi kuyembekeza za kumwamba. Kwao kwa nyimbozi ndi kumwera kwa United States, pakati pa alimi ndi anthu aganyu, ndipo likulu lake ndi mzinda wa Nashville. Koma dzina la Gram Parsons, mwini mtembo uja, si ambiri adalimva kuno. Ngakhale kwao komwe, pamene anali moyo, zimbale zake sizinkagulidwa kwenikweni. Kutchuka kudampeza ali kale m'manda, ndipo mbali ina ya kutchukako idabwera chifukwa cha zimene zidachitikira mtembo wake.

Mwana wa chuma ndi misozi

Mnyamatayu adabadwa pa 5 Novembala 1946 ku Winter Haven, m'chigawo cha Florida, ndipo dzina lake lobadwa nalo linali Ingram Cecil Connor. Agogo ake akuchikazi, a John Snively, anali eni minda ikuluikulu ya malalanje, kotero mwanayo sadadziŵe njala kapena usiŵa. Komabe nyumba ya chuma ija inali nyumba ya misozi. Bambo ake adadzipha mu Disembala 1958, Khirisimasi ili pakhomo, iye ali ndi zaka 12. Mai ake adakwatiwanso ndi a Robert Parsons, amene adampatsa mwanayo dzina lawo, koma maiwo adagwidwa ndi moŵa mpaka udaŵapha mu 1965, tsiku lomwelo limene mwana wawo ankatsiriza sukulu ya sekondale. Adaloŵako ku yunivesite ya Harvard, koma sadakhalitse, pakuti mtima wake wonse unali pa gitala.

Mu 1968 adaloŵa gulu lotchuka la The Byrds, nalikokera ku Nashville kukajambula chimbale cha Sweetheart of the Rodeo, chimene chidasakaniza nyimbo za country ndi za rock pa nthaŵi imene achinyamata ankaona country ngati nyimbo za nkhalamba zakumudzi. Chaka chomwecho adachoka m'gululo pamene linkanyamuka kupita ku South Africa. Iye adati sangakaimbe m'dziko la tsankho, ngakhale anzake ena ankaganiza kuti chimene ankafuna kwenikweni ndi kutsala ku London ndi abwenzi ake a gulu la Rolling Stones. Pambuyo pake adayambitsa gulu la Flying Burrito Brothers, ndipo pa chikuto cha chimbale chawo cha mu 1969 adavala suti yoyera yopetedwa masamba a chamba ndi mibulu ya mankhwala, koma kumsana kwake kuli mtanda waukulu woŵala. Amene aona chovala chimenechi wamudziŵa munthuyo: ankaimba za uchimo ndi za chipulumutso, ndipo zonse ziŵiri zinkamukoka ndi mphamvu.

M'chaka chake chotsiriza ankaimba ndi mtsikana wa mau okoma, Emmylou Harris, amene pambuyo pake adadzakhala mmodzi wa akatswiri a country. Atangotsiriza kujambula chimbale cha Grievous Angel, Parsons adapita kukapuma ku chipululu cha Joshua Tree, malo amene ankaŵakonda kwambiri. Kumeneko, m'nyumba ya alendo, adamwa moŵa wambiri pamodzi ndi mankhwala a morphine, ndipo adamwalira pa 19 Sepitembala 1973 ali ndi zaka 26. Chimbale chija chidatuluka mu Januwale 1974, mwini wake kulibe.

Lonjezo la pa maliro

Miyezi iŵiri imfa yake isanachitike, mu Julayi 1973, Parsons adapita ku maliro a Clarence White, katswiri wa gitala amene adagundidwa ndi galimoto ya munthu woledzera pamene ankalongedza zida zake ataimba. Mwambo wa maliro udachitikira m'tchalitchi cha Katolika, ndipo akuti Parsons sudamukhudze mtima. Adaona kuti sudanene kanthu za mnzake monga momwe iye ankamdziŵira. Tsiku limenelo, moŵa uli m'mutu, adapangana ndi Phil Kaufman kuti amene adzatsale pa aŵiriwo adzatenge thupi la mnzake kupita nalo ku Joshua Tree ndi kulitentha kumeneko. Kaufman anali kapitao wake wa pa maulendo, munthu woona za galimoto, za malo ogona ndi za malipiro pamene gulu lili pa mseu. Panalibe kalata, panalibe wachibale woitanidwa kudzamva, ndipo zambiri za panganoli timazidziŵa kuchokera pakamwa pa Kaufman yemweyo.

Parsons atamwalira, bambo ake omupeza aja adakonza kuti mtembo upite pa ndege ku New Orleans, kumene iwo ankakhala. Kaufman ndi mnzake Michael Martin adabwereka galimoto yakale yonyamulira maliro, nafika ku bwalo la ndege la Los Angeles ataledzera, nauza antchito kuti abale asintha maganizo ndipo mtembo unyamukira pa bwalo lina. Kaufman ankasimba kuti adasaina dzina labodza, ndipo kuti wapolisi amene anali pomwepo adaŵathandiza kukweza bokosi. Adayenda mtunda wopitirira makilomita 200 mpaka pafupi ndi thanthwe lotchedwa Cap Rock, natsegula bokosi, nathira petulo wokwana ngati malita 19, naponya machesi, nathaŵa. Atagwidwa, kudapezeka kuti lamulo silinkaŵerengera mtembo ngati katundu woti nkubedwa, motero adangolipitsidwa chindapusa pa nkhani ya bokosi.

Zimene filimu idachita bwino

Filimuyi idapangidwa ndi anthu odziimira paokha, opanda ndalama zambiri za makampani aakulu a ku Hollywood. Adaitsogolera ndi David Caffrey wa ku Ireland, adailemba ndi Jeremy Drysdale, ndipo kutalika kwake sikufika ola limodzi ndi theka. Mbali ya Kaufman adaseŵera ndi Johnny Knoxville, amene anthu ankamdziŵa ndi pologalamu ya Jackass ya pa wailesi ya kanema, m'mene ankadzivulaza dala kuti anthu aseke. Ambiri ankayembekeza phokoso ndi zopusa, koma iye adaseŵera mofatsa, ngati munthu wotopa amene wasenza katundu woti sangamtule asanafike. Nthabwala zake amazinena nkhope ili gwa, ndipo chisoni chake sachionetsa ndi misozi koma ndi liuma. Pamenepa filimu idagwira choona: alipo amuna ambiri amene sadziŵa kulira, amene pa maliro amathamangira nkhuni ndi makasu chifukwa ndi njira yokhayo imene akuidziŵa yonenera kuti malemuyo ankamkonda.

Chokoma china ndi mwini galimoto ya maliro, amene m'filimu adamutcha Larry, ndipo adamseŵera ndi Michael Shannon asanatchuke. Larry ndi mmodzi wa achinyamata a masiku amenewo a tsitsi lalitali, olankhula za mtendere ndi za zipembedzo za kum'maŵa, ndipo galimoto yake ndi yachikasu, yojambulidwa maluŵa. Iye akunyengedwa, sakudziŵa bwino chimene wanyamula, ndipo kuseka kwambiri kwa m'filimuyi kukuchokera pa anthu aŵiri osayenerana ameneŵa, wina waukali wina wamantha, atapanikizana pa mpando umodzi, kumbuyo kwawo kuli bokosi. Amene adaperekezapo maliro pa ulendo wautali, galimoto nkufera pa njira, adziŵa kuti kuseka ndi kulira zimatha kukhala pa mkeka umodzi. Sitingaidzudzule filimu chifukwa chongoseketsa anthu pa nkhani ya imfa. Ngakhale pa siŵa, usiku ukakula, pamamveka nthabwala za adzukulu, ndipo palibe amene amati zimenezi nzachipongwe, pakuti zimapeputsa mtima wa ofedwa.

Chipululunso adachijambula mwaluso: mseu woongoka wopanda mudzi, miyala ikuluikulu yosanjikizana, ndi mitengo ya nthambi zotambasuka ngati manja a munthu wopemphera. Nyimbo za Parsons zikamamveka pamwamba pa zithunzi zimenezi, woonera amamvetsa chifukwa chake mnyamata wosoŵa mtendere uja ankathaŵira kumeneko.

Zimene filimu idasintha

Tsono nkhani yoona ikaloŵa m'kanema, opanga amachotsako zina naonjezako zina, ndipo zimenezo pazokha si mlandu. Chofunika nkufunsa kuti adasinthiranji, ndipo kusinthako kwapindulira yani. M'filimu iyi zosintha zazikulu zilipo zitatu, ndipo zonse zikukokera mbali imodzi.

Choyamba, adapeka mkazi wotchedwa Barbara, woseŵeredwa ndi Christina Applegate, amene akuti anali chibwenzi chakale cha Parsons. Iye ali ndi kapepala konena kuti chuma chonse adasiyira iyeyo, ndipo akuthamangitsa mtembo chifukwa cha ndalama basi. Mkazi wotereyu m'mbiri yeniyeni mulibe. Ntchito yake m'filimu njoonekeratu: pamene woonera ayamba kukayika ngati Kaufman akuchita bwino, akumuonetsa munthu wadyera woti amuyerekeze naye, ndipo pafupi ndi wadyera wakuba amaoneka woyera. Nzomvetsa chisoni kuti mwa akazi onse amene adalira Parsons, amene filimu idampatsa mau ambiri ndi wopeka, ndiponso wopanda chisoni.

Chachiŵiri, adapeka bambo. M'filimu muli munthu wachikulire wotchedwa Stanley Parsons, bambo wa malemuyo, amene wabwera kudzatenga mwana wake. Adamseŵera ndi Robert Forster, ndipo kunena zoona ndiye amene adaseŵera bwino kopambana onse. Salankhula zambiri; maso ake okha akunena za kholo limene lazindikira mochedwa kuti mwana wake silidamdziŵe. Potsiriza bamboyu akuŵapeza akuba aja, namva za lonjezo, ndipo mtima wake ukufeŵa. Woonera akutuluka ali wokhutira kuti banja lidamvetsa. Koma taona kale kuti bambo wobereka Parsons anali atamwalira zaka pafupifupi 15 m'mbuyomo, ndipo bambo omupeza sadapite ku chipululu, sadafunsidwe, sadavomereze kanthu. Adangomva kuti mtembo umene ankaudikira wasoŵa. Padamveka mphekesera zakuti iwo ankafuna kuika maliro ku Louisiana pofuna gawo la chuma cha masiye, ndipo abwenzi a Parsons ankadandaula kuti sadaitanidwe ku mwambo. Kaya zinali choncho kaya ai, filimu sidalimbe mtima kuikamba nkhani yovutayo. Idangopanga bambo watsopano woti adalitse zimene banja lenileni silidadalitse.

Chachitatu ndi moto womwe. Pa kanema tikuona malaŵi okongola akukwera kumwamba, ngati mzimu womasuka. Koma petulo wothira pa bwalo sangasandutse thupi la munthu phulusa, ndipo anthu oledzera aja sadadikire kuti aone mathero ake. Zotsala za thupilo adazipeza anthu ena zili pa mtetete, ndipo ndi zimenezo zimene zidatumizidwa kwa abale, nizikaikidwa m'manda a ku Metairie, pafupi ndi New Orleans. Parsons adasiya mkazi, mwana wamkazi wamng'ono, ndi alongo ake. Tangoganizani, aŵerengi, mlongo amene adaika kale bambo ndi mai, tsopano akuuzidwa kuti mlongo wake yekhayo wapsa theka m'thengo. Mu 2004 kudatuluka filimu ina yosimba mbiri yeniyeni, yotchedwa Fallen Angel, yopangidwa ndi Gandulf Hennig, m'mene a m'banjamo adalankhula okha, ndipo zidaoneka kuti patapita zaka zonsezo bala linali lisanapole. Anthu ameneŵa ndiwo amene filimu yoseketsa ija idaŵachotsa kuti kuseka kwathu kusadodome.

Apa ndiye pagona cholakwa chachikulu cha Grand Theft Parsons. Idafuna kuti timkonde Kaufman popanda kuvutika mumtima, ndipo pofuna zimenezo idatseka pakamwa ofedwa. Chodabwitsa nchakuti potero idadzimananso yokha. Ikadalola kuti mlongo weniweni aimirire mbali ina, ndi chikondi chake, ndi ufulu wake, ndipo bwenzi liimirire mbali ina ndi lonjezo lake, ikadakhala filimu yaikulu, yoseketsa ndi yopweteka pamodzi, pakuti nkhani imakoma pamene onse okangana ali ndi mfundo. M'malo mwake idakhala filimu yaing'ono yokoma mtima, yongopita ngati nthano ya pa moŵa. Mwina nchifukwa chake akatswiri oŵeruza mafilimu adagaŵikana pa iyo, ndipo siidakhalitse m'nyumba za kanema. Kaufman weniweni adathandiza nawo poipanga, ndipo akuonekeramo pang'ono chakumapeto. Mlandu umene mboni yake ndi mmodzi, yemwenso ndi woimbidwa mlandu, sukhala wovuta kuugamula.

Kodi lonjezo lililonse nlosunga?

Wina anganene kuti: nanga munthu akasunga mau amene adapangana ndi mnzake, walakwanji? Funso limeneli nlolemera, ndipo tisalipeputse. Masiku ano mau atsika mtengo, anthu amalonjeza m'maŵa naiŵala madzulo, kotero munthu amene adziika pa ngozi ya ndende chifukwa cha mau amene adanena kwa womwalira, amene sangabwerenso kudzamfunsa, ali ndi kanthu koti atiphunzitse. Ndi chifukwa chake nkhaniyi yakhala ikusimbidwa zaka zonsezi.

Malembo Oyera nawonso amadziŵa za malonjezo otere. Yakobe ali pafupi kufa ku Ejipito adalumbiritsa Yosefe kuti asadzamuike m'dziko lachilendo, koma akamuike kwa makolo ake ku Kanani. Komatu Yakobe adabwereza mau omwewo pamaso pa ana ake onse, ndipo tsiku la ulendo Yosefe adapempha chilolezo kwa Farao, banja lonse nkupita limodzi masana dzuŵa likuswa mtengo. Tobiti nayenso ankatenga mitembo mobisa ku Ninive, ya anthu ophedwa ndi mfumu Senakeribu, mpaka adalandidwa chuma chake chonse chifukwa cha zimenezo. Koma mitembo imene Tobiti ankatenga inali yotayidwa, yopanda woiika, ndipo iye ankaichotsa pa mtetete kuti aiike m'nthaka mwaulemu. Ku Los Angeles zidayenda mobwerera: mtembo unali ndi eni ake, manda anali kudikira, ndipo udachotsedwa m'manja mwa abale nkukasiyidwa pa mtetete. Lilipo lonjezo lina m'Malembo, lonenedwa pa phwando, pamaso pa anzake a mfumu, limene mwini wake adalisunga poopa manyazi. Akulu athu adalisandutsa mwambi, amati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Kusunga mau nkwabwino, koma munthu ayenera kufunsanso kuti mauwo adanenedwa muli chiyani m'mutu, ndipo poŵasunga apweteka yani.

Nkhani si yakuti kutentha mtembo nkoletsedwa. Eklezia Katolika adachotsa chiletso chimenecho mu 1963, malinga ngati munthu sakusankha njirayo pofuna kukana kuuka kwa akufa. Koma mu 2016, ndi chilolezo cha Papa Francis, kudatuluka malangizo akuti phulusa la womwalira lisungidwe pa malo opatulika monga kumanda, lisamwazidwe m'thengo kapena m'madzi. Sitikutchula zimenezi kuti tiweruze nazo oimba a ku California a mu 1973, koma chifukwa cha maganizo amene ali pansi pake: akuti womwalira asachotsedwe m'mapemphero ndi m'chikumbutso cha abale ake ndi cha mpingo. Ndiye kuti munthu, ngakhale atafa, sakhala wa iye yekha, ndipo sakhala wa bwenzi limodzi. Ndi wa onse amene adamubereka, adamlera, adamkwatira, ndi amene iye adaŵabereka. Manda ndi malo amene mwana wamasiye angapite, ataloza nkunena kuti bambo anga ali apa. Pakadapanda zotsala zija zimene zidakaikidwa ku Metairie, mwana wa Parsons sakadakhala ndi poloza.

Chimene filimu idayambira mochedwa

Pali chinthu chinanso chimene chikusoŵa m'filimuyi, ndipo mwina ndicho chachikulu kwa ife makolo. Nkhani ikuyamba Parsons akufa. Woseŵera mbali yake, Gabriel Macht, akuoneka kwa mphindi zoŵerengeka chabe, ndipo moŵa ndi mankhwala zimene zidapha mnyamata wa zaka 26 zikungodutsa ngati mbali ya moyo wa oimba. Chikhalirecho akuti Kaufman weniweni, pa ulendo wa gulu wa mu 1973, ankayesetsa kumtchinjiriza mnzakeyo, kumlanda mankhwala ndi kuthamangitsa ogulitsa. Imeneyo ndiyo inali ntchito yeniyeni ya ubwenzi, yotopetsa, ya tsiku ndi tsiku, yopanda woombera m'manja, ndipo pamapeto pake idalephera. Filimu idasiya zimenezi nisankha usiku umodzi wa chipwirikiti, chifukwa ndi umene umaoneka bwino pa kanema. Akulu adati mnzako akapsa ndevu mzimire. Mwambiwu ukunena za munthu wamoyo, amene ndevu zake zikali kupsa. Kukhala wokhulupirika kwa mtembo nkosavuta, pakuti mtembo sukutukwana, sukunamiza, sukuba ndalama zako kukagulira kachasu. Chovuta nkukhala pafupi ndi mlamu woledzera kapena mwana wosuta chamba chaka ndi chaka, osatopa, osamtaya.

Tikadziyang'ana bwino, tipeza kuti matenda a filimuyi ndi athu omwe. Kangati taona munthu amene adadwala miyezi yambiri wopanda womubweretsera phala, koma tsiku la maliro ake galimoto zadzaza pa bwalo, bokosi nlamtengo wapatali, ndipo nkhata za maluŵa zachita kusoŵa poika? Kanganinso taona abale akuchimuna ndi akuchikazi akulimbirana mtembo pa chipata cha chipatala, wina akuti malemu adandiuza ine kuti ndikamuike kwathu, wina akuti adandiuza ine zina, mboni palibe, mkazi wamasiye ndi ana ali pambali osafunsidwa? Pa mikangano yotere aliyense amati akusunga mau a malemu, ndipo ena amanenadi zoona, koma mabala amene amatsala amapitirira mpaka kwa zidzukulu.

Tsono kodi filimuyi njoyenera kuionera? Akuluakulu angathe kuionera, ndipo adzaseka, pena mwina adzagwetsa msozi poona bambo wopeka uja ataima pafupi ndi bokosi la mwana wake. Kwa ana aang'ono siyoyenera, chifukwa muli mau otukwana ndi kuledzera kwambiri. Achinyamata okulirapo angapindule akaionera pamodzi ndi makolo, kenaka nkuuzidwa mbiri yeniyeni, ndi kufunsidwa kuti m'nkhaniyi asoŵamo ndani. Kuphunzira kufunsa funso limeneli nkofunika pa filimu iliyonse imene imayamba ndi mau akuti izi zidachitikadi. Ndipo amene afuna kumdziŵa Gram Parsons mwini wake, achita bwino kufunafuna chimbale cha Grievous Angel, amve mau ake ndi a Emmylou Harris akulukana, pakuti m'menemo ndimo muli munthuyo koposa m'nthano ya bokosi lake.

Kwa ife amene tikali moyo, phunziro nlapafupi. Ngati muli ndi khumbo la kumene mudzaikidwe ndi m'mene mwambo wanu udzayendere, musalinong'oneze kwa bwenzi limodzi pa moŵa. Itanani akazi anu kapena amuna anu, ana, ndi eni mbumba a mbali zonse ziŵiri, munene poyera monga adachitira Yakobe, ndipo ngati nkotheka zilembedwe. Mukatero mudzapulumutsa bwenzi lanu ku mlandu, ndi abale anu ku chidani. Parsons akadanena mau ake kwa mkazi wake ndi kwa alongo ake monga adaŵanenera kwa Kaufman, mwina ulendo wa ku Joshua Tree ukadayendedwa masana, abale ndi abwenzi ali m'galimoto imodzi.